Ulendo Wachiwiri wa ku Walale

Usiku woti mawa lake mlongo wanga anyamuka, tinabwereka sikelo kwa mnyamata wina wogula soya pamudzi pathu ku Chadiza. Tinaikoleka pa nthambi ya mango n'kupachikapo sutukesi yake. Muvi unakaima pa makilogalamu 31, pamene a ndege amalola 23 okha. Apa mpamene panabuka mlandu. Azakhali anati chiponde sichingatsale chifukwa anasinja okha. Amayi aang'ono anati mfutso wa khwanya ndi wopepuka, sungalemetse kanthu. Pamapeto pake mwini sutukesi anatulutsa nsapato zake ndi madilesi awiri n'kugawira asuweni, kuti nyemba ndi ufa zipeze malo.

Mlongo wangayu amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England. Anapita mu 2022, ndipo aka kanali koyamba kuponda kwathu chichokere. Anabwera kudzamanga chiliza cha amayi athu, nakhala milungu 9. Mwana wake wa zaka 7, amene ndimakhala naye ine ku Lusaka, anagona usiku umenewo atagwira nsonga ya chitenje cha amake.

Ambuye athu, amene anabala amayi, anali pamphasa kuonerera zonsezi. Kenaka anati: "Kupita koyamba sikuopsa ai, ana inu. Munthu amapita ali ndi tsiku lobwera m'mutu. Choopsa ndi uku kubwerera kachiwiri." Anatisimbira za alongo awo, amene anabwera kuchokera ku Walale chaka chimene iwo anavinidwa chinamwali, chomwe ndikawerengera chimagwera mu 1958. Anabwera ndi njinga yatsopano, mabulangete ndi bokosi lachitsulo. Anakhala kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba. Pobwerera anasiya njinga ija kwa amayi awo nati, "Mundisungire, ndidzaikwera chaka chamawa." Njingayo inachita dzimbiri pakhonde mpaka ana anazula masipoko ake kupangira magalimoto a waya. Mwini wake sanaonekenso.

Ine ndimaphunzitsa mbiri ku sekondale. Chaka ndi chaka ndimalembetsa ana zifukwa zimene makolo athu ankapitira kukagwira ntchito kunja. Koma tsiku limene ambuye ankanena, tsiku lomanganso katundu tchuthi chitatha, silipezeka m'silabasi. Chikhalirecho ndi tsiku limeneli limene linasandutsa anthu ambiri kukhala matchona, anthu opita osabwerera. Ndikufuna tilione bwino, chifukwa inu amene mukuwerenga muli ku Chawama, ku Matero kapena ku Kapata, ambiri muli ndi m'bale amene mudamperekezapo kokwerera basi kapena ndege.

Chimene chinawachotsa pamudzi

Anthu a mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume sanayambe ulendo wa kum'mwera chifukwa chokonda kuyenda. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha mwana wake Nsingo ndi kulanda ng'ombe zambirimbiri. Kuyambira pamenepo dziko lonse lozungulira Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, linagwa m'manja mwa atsamunda. Kampani ya North Charterland inati malo okwana masikweya mailosi 10,000 ndi ake, potengera pepala limene mzungu wina wa ku Germany, Carl Wiese, ankati anapatsidwa ndi Mpezeni. Achewa amene anali pamalopo kuyambira kalekale sanafunsidwe.

Golide amene kampaniyo inkayembekezera sanapezeke wokwanira. Chuma chimene chinapezeka chinali anthu. M'zaka zoyambirira za m'ma 1900 kunabwera msonkho wa nyumba wa masheleni 3, ndipo unkafunika ndalama, osati mbuzi kapena mtedza. Ndalama pamudzi panalibe. Mafamu a fodya a azungu ozungulira Fort Jameson ankalipira pang'ono kwambiri poyerekeza ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Kenaka mu 1928 boma linadula malo otchedwa marizevu n'kukankhiramo midzi. Anthu anathithikana, nthaka inaguga, pamene malo amene anachotsedwamo anangomera tchire n'kubwereranso nyama ndi kashembe. Boma linadzagula malo a kampaniyo mu 1941 n'kuyamba kubwezeramo anthu, koma n'kuti njira ya kum'mwera itakhazikika kale ngati njira ya kuchitsime.

Dzina loti Walale, kapena Halale, linachokera ku Harare, komboni ya anthu akuda mu mzinda wa Salisbury, imene lero ikutchedwa Mbare. M'kamwa mwa anthu akwathu dzinali linakula mpaka kutanthauza kulikonse kumene munthu wapita kukagwira ntchito yolipidwa.

Njira yake

Chadiza ili pamalire ndi Mozambique, choncho njira yachidule inali yodzera m'dziko la Apwitikizi. Anthu ankayenda m'magulu, wapansi, milungu ingapo, atasenza ufa, kamphika ndi nkhwangwa. Ankadutsa dera la Tete, kuoloka Zambezi pabwato, n'kukalowa m'dziko la Rhodesia cha ku Mtoko kapena ku Mount Darwin. Panjira panali mikango, njala, achifwamba, ndiponso olemba anthu ntchito amene ankadikira pamadooko kuti agwire otopa ndi anjala. Mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lomwe anthu analitcha chibalo, chifukwa wolembedwa kumeneko sankasankha kokagwira ntchito ndipo kawirikawiri ankaponyedwa ku migodi imene ena onse ankaithawa. Wolemba mbiri Charles van Onselen anatcha buku lake la 1976 lonena za migodiyi ndi dzina lomweli, Chibaro.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole onyamula anthu osalipira, amene anatchuka ndi dzina loti Ulere. Amodzi mwa malo okwerera anali Misale, pamalire pafupi ndi kwathu. Taganizirani dzinalo. Ulendo wopita kukagwira ntchito unali waulere, chifukwa amene ankaulipira ankadziwa kuti adzapeza phindu pa thukuta la okwerawo. Ena ankalowa m'dziko la Nyasaland kukalembetsa ku Wenela kuti akafike ku migodi ya golide ya ku Joni. Ena, makamaka kuyambira m'ma 1930, analowera ku migodi ya kopa ya m'dziko lathu lomwe lino.

Kumgodi ndi kufamu malipiro ankayendera tikiti. Tikiti imodzi inali masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku limene wadwala kapena kapitao wakana kulemba silinkawerengedwa. Munthu ankawerenga matikiti ngati mmene mayi woyembekezera amawerengera miyezi, kudikira kuti akwane ogulira bulangete, nsalu, njinga, mwina makina osokera, kuti akaoneke kwawo.

Miyezi ya pamudzi

Tsopano tiyeni tikhale pang'ono pa tchuthi penipenipo, chifukwa mpamene pagona nkhani.

Mlungu woyamba unali wa nthungululu. Ankamuphera nkhuku, kumufululira mowa, ana n'kumakhamukira kudzaona galamafoni. Bokosi linkatsekulidwa pamaso pa akulu. Apa tikumbukire kuti Achewa timatsata kuchikazi, ndipo mwamuna wokwatira ankakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi wake. Ndiye kuti wobwera ku Walale anali ndi midzi iwiri yomuyang'ana. Kwa mkazi kunali apongozi amene anamusungira banja zaka zonsezi, kulimira ana ake ndi kumanga nkhokwe imene iye anayenera kumanga. Kwawo kunali amayi ake, alongo ake ndi ana awo, mbumba imene iye monga malume anayenera kuiveka ndi kuilipirira milandu. Bulangete likapita uku, uko kudandaula. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a chigawo chino m'ma 1940 ndi m'ma 1950, analemba buku lonse, Sorcery in its Social Setting, losonyeza mmene mikangano ya pachibale inkathera m'kunenerana ufiti. Wobwera ndi katundu ankadziwa kuti maso amene akumuyang'ana si onse okondwa.

Pofika mwezi wachitatu bokosi linali litapepuka. Msonkho wa zaka zimene anali kulibe, wake ndi wa abale, unali utadya gawo lake. Sopo watha, shuga watha, nsapato zayamba kung'ambika. Anzake amsinkhu wake kulibe, onse ali ku Walale. Pabwalo milandu ikukambidwa ndi anthu amene akudziwa chiyambi chake, iye n'kumangomvetsera ngati wodutsa. Mwana amene anamusiya ali kumsana akumuthawa, akuthamangira kwa amalume ake. Manja amene anazolowera fosholo akutuluka matuza pa khasu, ndipo achinyamata akuseka mmene akusakanizira Chichewa ndi Chilapalapa cha kumgodi. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chowawa n'chakuti munthuyu ankazindikira pang'onopang'ono kuti mlendo wake ndi iyeyo, pakhomo pamene anabadwira.

Ndiye tsiku lina ankadzuka n'kunena kuti wamva kuti kapitao akumufuna. Amayi ake ankakazinga mtedza ndi chimanga, mkazi n'kusinja ufa wa kamba wa paulendo. Ankanyamuka m'mamawa nkhuku zisanatsike, abale n'kumuperekeza mpaka pamtsinje. Ulendo woyamba anapita ali mnyamata wosadziwa kanthu, mtima uli pa njinga. Ulendo uno ankadziwa zonse: fumbi la pansi pa mgodi, nsikidzi za m'komboni, mbama ya kapitao. Ankadziwanso chinthu china chatsopano, chakuti kwawo sangakhalitseko opanda ndalama.

Kupita ndi kubwera kunali kokonzedwa

Tisaganize kuti kuzungulira kumeneku kunangochitika. Mu 1936 maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anapangana za antchito oyendayenda, ndipo mu 1947 anakonzanso panganolo. Mfundo zake zikuluzikulu zinali zoti wantchito aziyenda ndi chitupa, gawo la malipiro ake lizisungidwa kuti akalandire atafika kwawo, gawo lina lizitumizidwa kwa banja lake, ndipo pakatha zaka 2 azibwerera kumudzi. Maboma a kumpoto ankaopa kuti midzi itha amuna ndipo msonkho usowa. Ku Nyasaland komiti ya boma ya 1935 inali itapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri a iwo anali atasiya kulemba makalata.

Pepala likamawerengedwa limaoneka lachifundo. Koma funsani kuti ndani ankapindula. Mwini mgodi ankalipira munthu ngati mbeta, chifukwa mkazi ndi ana ankadzidyetsa okha ndi khasu ku Chadiza. Sankamanga sukulu ya anawo. Wantchito akadwala chifuwa cha fumbi kapena akakalamba, ankamukweza lole kuti akafere kwawo. Mudzi unali nazale yolerera antchito, chipatala chawo ndi penshoni yawo, ndipo onse amene ankagwira ntchito imeneyi osalipidwa anali amayi. Tchuthi chinali ngati kupumitsa ng'ombe ya ngolo kuti mawa ikokenso.

Panalinso zina zolumikiza anthu. Makalata ankalembedwa ndi aphunzitsi kapena ana a sukulu n'kuwerengedwa pagulu. Kuyambira 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inali ndi pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa, mmene anthu ankapatsirana moni ndi nyimbo kudutsa malire. Koma moni wa pa wailesi sulima munda.

Mmene munthu ankatchonera

Palibe amene ankanyamuka atanena kuti ine ndikukatchona. Zinkayamba ndi chaka chimodzi choipa. Ntchito yatha, kapena ndalama zabedwa, kapena zapita ku mowa ndi juga. Munthu n'kunena kuti sindingapite chimanjamanja, ulendo watha ndinabwera ndi njinga, anthu akati chiyani? Ndidikire chaka chamawa. Chaka chamawa chikafika, manyazi awirikiza chifukwa kalata ya maliro a atate ake sanaiyankhe. Kenaka wapeza mkazi wa Chishona womuphikira, kwabadwa mwana. Kumudzi nako ankhoswe atopa kudikira, amasula mkazi wake kuti akwatiwe kwina. Nyimbo ya Nashil Pichen Kazembe, A Phiri Anabwera, imene makolo athu ankavina m'ma 1970, imanena za munthu wotere, wobwera ku Harare patapita zaka zambiri alibe kanthu m'manja. Anthu ankaivina akuseka, koma nyimbo yomweyo imasonyeza chimene wotchona aliyense ankaopa: kusekedwa kwawo. Mphatso zimene zinamukweza pa tchuthi choyamba ndi zomwe zinamutsekera njira ya tchuthi chachiwiri.

Pamwamba pa manyazi panabwera ndale. M'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, munthu ankayenda pakati pa Fort Jameson ndi Salisbury ngati ali m'dziko limodzi. Zambia italandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu pa 11 November 1965, mnzere wa pamapu unasanduka mpanda. Mu 1966 boma lathu linaletsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno. Kuyambira 1968 nkhondo ya FRELIMO ndi Apwitikizi inafika m'dera la Tete, ndipo njira yakale ya wapansi inakhala ya mabomba okwirira. Mu January 1973 Smith anatseka malire a pa Zambezi, ndipo katundu wa Zambia sanayambenso kuoloka pa sitima mpaka 1978. Amene anati "chaka chamawa" mu 1964 anadzidzimuka zaka 15 zitadutsa.

Ena anatsala pansi penipeni. Pa 6 June 1972 mgodi wa malasha wa Wankie, lero Hwange, unaphulika n'kupha anthu 427, ndipo 91 mwa iwo anali a ku Zambia. Ambiri mitembo yawo sinatulutsidwe.

Otsala amoyo anamanga kwawo kwatsopano. M'makomboni a migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe mpaka lero kumatuluka Gule Wamkulu, ndipo kuli a Phiri, a Banda ndi a Mbewe amene sanaonepo Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi. Koma dziko limene analikumbira golide silinawalandire msanga. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anasowa kolowera, popeza analibe mudzi m'dzikomo. Lamulo la unzika la 2001 linachititsa ana awo ambiri, obadwira komweko, kulembedwa ngati alendo, mpaka malamulo atsopano a dziko a 2013 anawatsegulira njira. Ngati alongo awo a ambuye anasiya ana cha ku Kadoma, kumene kalata yawo yomaliza inachokera, ndiye kuti anadutsa m'zimenezi. Ndi abale anga, ndipo tikhoza kukhala pampando umodzi m'basi osadziwana.

Walale wa lero

Mlongo wanga si wa chibalo. Anasankha yekha, ali ndi satifiketi, ndipo ndalama zake ndi zimene zinamanga chiliza ndi kulipirira sukulu ana atatu a pabanja pathu. Ulendo umene unkatenga milungu iye amauyenda tsiku limodzi, ndipo madzulo alionse amaonana ndi mwana wake pa WhatsApp. Kunena kuti palibe chasintha kungakhale kunama.

Koma zina ndimazizindikira. Visa yake ndi yomangirira kwa amene anamulemba ntchito, monga chitupa chinkachitira. Kuti adzaloledwe kukhazikika ku Britain sayenera kukhala kunja kwa dzikolo masiku oposa 180 pa miyezi 12 iliyonse, ndiye ngakhale ali pamaliro amawerenga masiku ngati matikiti. Kuyambira March 2024 boma la kumeneko linaletsa obwera kumene pa ntchito yosamalira okalamba kubweretsa mabanja awo. Ankafuna manja, koma kulera ana kutsale kuno. Amene ali ku Johannesburg kapena ku Dubai angakuuzeni zofanana ndi zimenezi.

Ndipo miyezi ya pamudzi sinasinthe kwenikweni. Ndinaona ndi maso anga. Mlungu woyamba nthungululu. Mlungu wachitatu anthu akubwera m'mawa ndi mavuto awo, wina feteleza, wina chindapusa, wina foni. Mlungu wachisanu ndi chimodzi ndinamupeza kuseri kwa nyumba akuwerengera pa foni ngongole imene watenga kuti ulendowu utheke. Anandiuza motsitsa mawu kuti, "Alongo, sindidziwa ngati ndingakwanitse kubweranso msanga. Kubwera kuno kukudula kuposa kukhala uko." Mawu amenewa ndi omwe aja a 1958. Ndinachita mantha.

Malamulo a visa sitingawasinthe ife a ku Chawama. Koma gawo lina la kutchona linkapangidwa pamudzi, ndi ife otsala, ndipo limenelo lili m'manja mwathu. Ngati m'bale wathu aona kuti kwawo kumalowedwa ndi sutukesi yodzaza, chaka chimene zinthu zamuvuta sadzabwera, ndipo chaka chimenecho ndi chimene amafunika kwawo koposa. Muuzeni, ndipo muuzeni kawirikawiri, kuti abwere ngakhale ndi kachikwama ka m'manja. Pa foni musamangoyamba ndi mndandanda wa zosowa. Muuzeni amene wabadwa, amene wakwatiwa, mmene mlandu wa dimba unathera, kuti akadzakhala pabwalo asadzakhale wodutsa. Inunso amene mukukonza mapepala opita kunja, dziwani kuti tsiku lovuta si limene mudzakwere ndege koyamba.

M'kalasi mwanga ndayamba kupereka ntchito yatsopano. Mwana aliyense akafunse akulu kwawo dzina la m'bale amene anapita osabwerera, kumene anapita, ndi chimene anasiya. Sipanapezeke mwana wa kum'mawa amene wabwera ndi pepala lopanda dzina.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, galimoto yopita ku Chipata isanafike, mlongo wanga anaonetsa ambuye malata 20 amene anagula kuti adzamangire nyumba yake. Anati, "Ambuye, mundisungire, ndidzamanga ndikadzabweranso." Ambuye anakana. Anati iwo anasungapo kale njinga, sasunganso kanthu ka munthu wa paulendo. Anatembenukira kwa ine nati ndipeze mmisiri mwezi womwewo, njerwa aumba ndi adzukulu, kuti mwini wake akadzabwera adzapeze nyumba yogonamo, kaya wabwera ndi katundu kaya alibe.

Tinayenda makilomita oposa 550 kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka, mwana ali pamiyendo pa amake njira yonse. Pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda sutukesi inalemera makilogalamu 23 ndendende. Nyumba ija tinafolera mvula isanagwe. Ili ndi zipinda ziwiri, ndipo kiyi wake amakhala pa chingwe m'khosi mwa ambuye.